Funsani Amisiri: Laibulale ya state machine, kuchokera pa pampu ya ku Namwera kufika pa menyu ya USSD

Makalata a mwezi uno achokera ku Mangochi, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi: kalaibulale (code yolembedwa kamodzi yoti mapulogalamu ena aziigwiritsa ntchito) ka state machine komwe alembi a mapulogalamu angapo kumeneko akumanga mothandizana, mbali ina mu C yoyendetsera mapampu a sola, mbali ina mu Python yoyendetsera menyu za USSD. Kwa amene mawuwa ndi achilendo, state machine ndi kalembedwe ka pulogalamu komwe chinthu chimakhala pa state imodzi yokha nthawi iliyonse, monga pampu kukhala kuti ikupopa kapena ikudikira dzuwa, ndipo sichisuntha pokhapokha pabwere event yomwe inalembedweratu kuti ili ndi chilolezo chochisuntha. Mafunso tawafupikitsa.

FUNSO: Ndili ndi pampu ya sola yokoka madzi pa chitsime n'kudzaza thanki ya malita 5,000 pa dimba la tomato. Ndikuiyendetsa ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino Uno. Mu code yanga muli ma flag 5: dzuwa lilipo, thanki yadzaza, chitsime chauma, pampu yayaka, munthu wazimitsa. Ma if achuluka moti ndikakonza apa pamaphulika apo, ndipo sabata yatha pampu inalira nthawi yaitali chitsime chilibe madzi. Anzanga akuti tilembe laibulale. Tiyambire pati?
Mlimi wodziwa za mawaya, Namwera

YANKHO: Achimwene, musanalembe chilichonse tengani cholembera muwerengere. Ma flag 5, iliyonse ikhoza kukhala inde kapena ayi, ndiye kuti pulogalamu yanu ili ndi maonekedwe 32. Pa 32 amenewo, omwe ali ndi tanthauzo pa dimba ndi 6 okha. Otsalawo ndi zinthu ngati "pampu yayaka, chitsime chauma", zomwe simunazifune koma palibe chozitsekera khomo. Ma if mukuwonjezerawo ndi zigamba pa bowo limodzilimodzi, chikhalirecho mabowo alipo 26.

Ma flag achoke. Pakhale variable imodzi yokha ya state, yokhala ndi mayina 6: YAZIMITSIDWA, IKUDIKIRA, IKUPOPA, YADZAZA, CHAUMA, VUTO. Kenako lembani ma event: DZUWA_LAKWANA, DZUWA_LACHEPA, THANKI_PAMWAMBA, THANKI_PANSI, MADZI_ATHA, NTHAWI_YAKWANA, BATANI. State ndi pomwe muli, event ndi uthenga womwe wakupezani pamenepo. Mukaona dzina la state likumveka ngati lamulo, monga YATSA_PAMPU, dziwani kuti mwasakaniza ziwirizi.

Mtima wa laibulale ndi tebulo. Mzere uliwonse uli ndi zinthu 5: state yochokera, event, guard, chochita, ndi state yopita. Guard ndi funso loyankhidwa inde kapena ayi. Likayankhidwa ayi, mzerewo umadumphidwa. Ina mwa mizere yanu ikhala chonchi:

IKUDIKIRA + DZUWA_LAKWANA, ngati yapuma mphindi 3 → IKUPOPA
IKUPOPA + DZUWA_LACHEPA → IKUDIKIRA
IKUPOPA + THANKI_PAMWAMBA → YADZAZA
IKUPOPA + MADZI_ATHA → CHAUMA
YADZAZA + THANKI_PANSI → IKUDIKIRA
CHAUMA + NTHAWI_YAKWANA, ngati yayesa kosakwana katatu → IKUDIKIRA
CHAUMA + NTHAWI_YAKWANA → VUTO

Laibulale yeniyeniyo ndi function imodzi. Imalandira event, imatsika m'tebulo kuyambira pamwamba, n'kutenga mzere woyamba womwe state ndi event zagwirizana ndipo guard yavomera. Mu C sizifika mizere 100. Onani mizere iwiri yomalizayo: wokhala ndi guard uli pamwamba, wopanda guard pansi. Mukaitembenuza, pampu izipita ku VUTO pa ulendo woyamba womwe. Onaninso kuti chiwerengero cha maulendo oyesa si state. Musalembe CHAUMA_1, CHAUMA_2, CHAUMA_3. Ndi nambala wamba yomwe guard imayang'ana.

Tsopano za pampu yolira pa chitsime chouma. Relay, swichi yamagetsi yoyatsira pampu, musaiyatse kapena kuizimitsa m'mizere ya tebulo. Laibulale ipereke ma function awiri pa state iliyonse, imodzi yoitanidwa polowa, ina potuluka. Relay iyake polowa pa IKUPOPA, izime potuluka, basi. Mukatero, njira iliyonse yochokera pa IKUPOPA, ngakhale yomwe mudzawonjezere chaka chamawa mutaiwala zonsezi, izizimitsa pampu. M'mabuku kumanga chochita pa state amati ndi kachitidwe ka Moore, potsatira Edward F. Moore yemwe anakalemba mu 1956, ndipo kuchimanga pa mzere wa tebulo ndi ka Mealy, potsatira George H. Mealy, mu 1955. Laibulale yabwino imalola zonse ziwiri, koma chinthu chomwe chingapse kapena kusefukira chimangidwe pa state.

Za memory: chipu cha ATmega328P cha pa Uno chili ndi ma byte 2,048 okha a SRAM, memory yomwe pulogalamu imagwiritsa ntchito ikamayenda. Mzere umodzi umadya ma byte 7, atatu a mayina ndi awiriawiri a ma pointer a guard ndi chochita. Mizere 20 ndi ma byte 140. Si zambiri, komabe tebulo silisintha, ndiye liikeni ndi PROGMEM mu flash, memory yosungira pulogalamu yeniyeniyo, komwe kuli 32 KB. Ndipo laibulale isadziwe kanthu za pin kapena relay. Tsiku lomwe mudzaikemo digitalWrite, simudzathanso kuiyesa pa laputopu, muzidzakwera njinga kupita ku dimba pa kalikonse.

FUNSO: Tebulo tinalemba, koma tapeza chodabwitsa. Thanki ikatsika masana dzuwa likuswa mtengo, pampu imabwerera pa IKUDIKIRA n'kukhala pomwepo mpaka mawa. Ndiye tinaika kuti polowa pa IKUDIKIRA iziyeza dzuwa n'kuitana function ya laibulale ndi DZUWA_LAKWANA. Pampu tsopano imayaka, koma pa sikirini pamalembedwa IKUDIKIRA. Talakwitsa pati?
Wophunzira zamagetsi, Mangochi Boma

YANKHO: Zolakwika zilipo ziwiri, ndipo choyamba munachigwira nokha. DZUWA_LAKWANA inabwera kamodzi m'mawa, pomwe mphamvu ya ma panelo inadutsa malire. Masana dzuwa silikufika, lilipo kale, choncho palibe uthenga watsopano. Kuyeza polowa ndi nzeru.

Chachiwiri ndiye pagona nkhani. Mwaitana laibulale ili m'kati mogwira event ina. Tsatirani bwino: THANKI_PANSI yafika, laibulale yalemba state kukhala IKUDIKIRA, yaitana function yolowera. Function imeneyo isanathe yaitananso laibulale, yomwe yatuluka pa IKUDIKIRA, yalowa pa IKUPOPA, yayatsa relay. Ikabwerera, mizere yotsala ya function yolowera pa IKUDIKIRA imapitiriza ngati palibe chachitika, ndipo umodzi mwa mizereyo ndi wolemba pa sikirini. Inu mwaona sikirini yonama chabe. Ukanakhala mzere wozimitsa relay "podziteteza", bwenzi state ikunena IKUPOPA madzi osatuluka. Ndipo ma state awiri akayamba kuponyerana motere, stack imakula mpaka kudya SRAM yonse, Arduino n'kuyamba kudziyambitsanso yokha.

Lamulo lake akatswiri amalitcha run-to-completion, ndipo lili mu UML komanso mu SCXML, njira ziwiri zodziwika zofotokozera ma state machine. Ndi lamulo la pa chigayo: chimanga cha wina chithe kaye m'makina, cha mnzake chizilowa. Gawani function yanu pawiri. Yoyamba, tumiza, imangoika event pa mzere wodikira n'kubwerera. Yachiwiri, yendetsa, imaitanidwa pamalo amodzi okha, mu loop, n'kumatola event imodziimodzi, iliyonse kuimaliza yonse: guard, kutuluka pa state yakale, chochita cha mzere, kulemba state yatsopano, kulowa. Ndondomeko imeneyi muilembe mu README chifukwa anthu adzaidalira. Guard isasinthe kanthu, ingoyankha. Laibulale ikhoza kufunsa ma guard atatu isanapeze mzere woyenera, ndipo ngati yoyambayo inawonjezera nambala, yawonjezera pa ulendo womwe sunachitike.

Mzere wodikirawo ukhale ring buffer, mndandanda woti ukafika kumapeto umabwerera poyambira, ya malo 8 kapena 16, nambala yoti kuzungulira kuzitheka ndi & 7 kapena & 15 m'malo mogawa. Interrupt, code yomwe imadukiza pulogalamu chinthu chikangochitika, ikhoza kuitana tumiza yokha, osati yendetsa. Popeza loop nayonso imatumiza, kachigawo kolemba mu buffer kakutireni ndi ATOMIC_BLOCK ya mu util/atomic.h, apo ayi tsiku lina awiriwo adzalemba pa malo amodzi. Buffer ikadzaza musataye event mwakachetechete. Pakhale nambala yowerenga zotayika. Ku Python, laibulale yotchuka ya transitions ili ndi queued=True yochita zomwezi, koma muyenera kuiyatsa nokha.

Katsala kamodzi. Guard ya mphindi 3 ija ikakana, event yanu yapita, mwabwerera pa vuto loyamba. Ndiye pa IKUDIKIRA yatsani timer ya masekondi 10 yomwe izikufunsani mobwerezabwereza. Komanso malire oyatsira akhale okwera kuposa ozimitsira, chifukwa pampu ikangoyaka mphamvu ya ma panelo imatsika, ndipo malire akakhala amodzi relay imangoti kwa! kwa! kwa! mpaka kupsa.

FUNSO: Event ikabwera yomwe ilibe mzere m'tebulo, laibulale izitani? Ena akuti ingoinyalanyaza.
Mlembi wa mapulogalamu, Malindi

YANKHO: Ayi, achemwali, isanyalanyaze. Ma state 6 ndi ma event 7 ndi mabokosi 42, ndipo bokosi lililonse liyenera kukhala ndi yankho limodzi mwa atatu: sunthani, nyalanyazani mwadala, kapena izi n'zosatheka. DZUWA_LACHEPA thanki itadzaza n'zosadetsa nkhawa, ndiye lembani mzere wonena choncho, wopanda kopita. Koma MADZI_ATHA pampu itazimitsidwa zikutanthauza kuti sensor kapena waya wina wasokonezeka, ndipo mukufuna kudziwa. Bokosi lopanda mzere liziitana function yodandaulira yomwe mwini pulogalamu wapereka. Poyesa, function imeneyo igwetse test. Ku dimba ingolemba n'kupitiriza. Transitions ya Python imaponya MachineError pokhapokha mutaiuza ignore_invalid_triggers, ndipo anasankha bwino: phokoso likhale la chibadwa, chete akhale wochita kupempha.

FUNSO: Gulu lathu limagulitsa usipa wouma kwa amalonda a ku Lilongwe ndi Blantyre. Tapanga menyu ya USSD yoti munthu asankhe kuchuluka, alipire pa foni, ife titumize. Laibulale ikuyenda bwino pa laputopu, koma pa seva oda ina imalembedwa kuti yalipidwa kawiri, ina munthu amalipira oda itathetsedwa kale ndalama n'kusowa kolowera. Seva ikayambitsidwanso ma oda onse amaiwalika.
Msungichuma wa gulu la amayi, Makawa

YANKHO: Mayi, choyamba gawani makina pawiri. Menyu ya USSD, ngati zomwe timaziona tikaimba *211# kapena *444#, ndi state machine ya moyo waufupi: uthenga uliwonse sudutsa zilembo 182, munthu akachedwa kuyankha kapena netiweki ikagwa session imatha, ndipo palibe chotayika kupatula mphindi. Oda ndi state machine ina, ya masiku angapo, yonyamula ndalama za anthu. Mukazimanga pamodzi, session ikafa imafa ndi oda. Menyu ingopanga oda n'kuitumizira event, izo basi.

Ma state a oda akhale monga YATSEGULIDWA, IKUDIKIRA_MALIPIRO, YALIPIDWA, YATUMIZIDWA, YATHETSEDWA, YOFUNIKA_KUBWEZA. Womalizayo ndi amene akusowa kwa inu. Uthenga wotsimikiza malipiro ukhoza kuchedwa, ndipo ukafika oda itathetsedwa, ndalamayo yachoka kale m'foni ya wogula. Bokosi la YATHETSEDWA ndi MALIPIRO_AFIKA si la "n'zosatheka". Liyenera kupita ku YOFUNIKA_KUBWEZA, komwe munthu wa gulu lanu adzaliona pa mndandanda m'mawa.

Za kuiwala: laibulale yanu ikusunga state m'kati mwake, mu memory. Pa seva state ikhale mu database, pamalo amodzi okha. Mapanga awiri avumbwitsa. Konzaninso laibulale kuti pakatikati pake pakhale function yosasunga kanthu. Muipatsa state, event ndi zina za oda, ikubwezerani state yatsopano ndi mndandanda wa zoyenera kuchita, osazichita yokha. Za pa Arduino zikhoza kukhala chikuto pamwamba pa function yomweyo.

Za kulipidwa kawiri, zifukwa zimakhala ziwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Choyamba, kampani yotumiza uthenga wa malipiro ikapanda kulandira yankho lanu msanga imatumizanso uthenga womwewo. Malipiro aliwonse ali ndi nambala yakeyake. Isungeni m'tebulo la database lokhala ndi UNIQUE pa nambalayo. Ikabweranso database ikana, inu muyankhe kuti mwalandira, osachita china. Chachiwiri, mauthenga awiri akafika nthawi imodzi, ma process awiri onse amawerenga IKUDIKIRA_MALIPIRO, onse n'kuona kuti ali ndi ufulu wosuntha. Polemba muzinena chomwe munawerenga:

UPDATE oda SET state = 'YALIPIDWA', version = version + 1 WHERE id = 57 AND version = 4

Kenako yang'anani kuti mizere ingati yasintha. Ikakhala 0, wina wakutsogolerani. Werengani odayo mwatsopano muyesenso event yanu pa state yatsopanoyo.

SMS yopita kwa wogula musaitumize m'kati mwa kusuntha kwa state. Mukatumiza musanalembe mu database, seva ikagwa pakati munthu wauzidwa zomwe sizinalembedwe. Mukalemba kaye, ikagwa pakati munthu sadzauzidwa. Lembani SMS ija ngati mzere m'tebulo la zotumiza, mu transaction yomweyo yosintha state, ndipo kapulogalamu kena kazidutsa masekondi angapo alionse kutumiza zomwe zatsala. Nthawi zina SMS idzapita kawiri, koma SMS iwiri yonena "talandira ndalama zanu" siinaphe munthu.

Pomaliza, mu database sungani dzina la state, osati nambala yake. Mukasunga 3, tsiku lomwe wina adzalowetse state yatsopano pakati pa mndandanda, ma oda onse omwe anali YATUMIZIDWA adzadzuka ali china. Ndipo musafufute state m'tebulo pomwe pali ma oda omwe akadali pamenepo, asamutseni kaye.

FUNSO: Pampu yathu ya ku sukulu inayenda bwino mwezi ndi theka, kenako tsiku lina inakakamira pa CHAUMA mpaka titaizimitsa n'kuiyatsanso. Nthawi zinanso imadumpha state popanda chifukwa.
Mphunzitsi wa sayansi, Monkey Bay

YANKHO: Aphunzitsi, mwezi ndi theka ndi chizindikiro chodziwika. Function ya millis imawerenga mu nambala ya ma bit 32, yomwe imathera pa 4,294,967,295. Mamilisekondi amenewo ndi masiku 49.7, ndipo ikafika pamenepo imabwerera pa 0. Code yowerengeratu nthawi yothera, kuwonjezera mphindi 30 pa millis kenako n'kumafananiza, imasokonezeka pa malirewo: nthawi zina imakwana pompopompo, nthawi zina imaphonya n'kudikira masiku ena 49. Sungani nthawi yoyambira ndipo muzichotsera: millis() - chiyambi >= nthawi, zonse zikhale unsigned long. Kuchotsera kwa nambala za unsigned kumatuluka bwino ngakhale wotchi itazungulira. Zimenezi zikhale mu laibulale, pamalo amodzi, kuti aliyense asamazilembe payekha.

Kudumpha kopanda chifukwa kawirikawiri ndi timer yamasiye. Inayatsidwa pa state ina, makina anachokapo, iyo n'kudzalira pa state yomwe nayonso ili ndi mzere wa NTHAWI_YAKWANA. Timer ikhale ya state: laibulale iziizimitsa yokha potuluka. Kuzimitsa kokha sikukwanira, chifukwa event yake ikhoza kukhala italowa kale mu buffer. Ndiye pakhale nambala yomwe imakwera pa kusuntha kulikonse. Timer iinyamule poyatsidwa, ndipo event yobwera ndi nambala yakale itayidwe. Olemba Erlang anazikonza choncho mu gen_statem, yomwe inabwera ndi OTP 19 mu 2016: state_timeout imafa yokha state ikasintha.

Poti mwatchula kuzimitsa ndi kuyatsa, tichenjezeretu: musakopeke kusunga state mphindi iliyonse mu EEPROM, memory yosafufutika magetsi akazima. Malo alionse a EEPROM ya chipuchi analonjezedwa kulembedwa maulendo 100,000. Kamodzi pa mphindi ndi maulendo 1,440 pa tsiku, ndiye kuti masiku 69 lonjezo latha. Sungani ziwiri zokha, YAZIMITSIDWA ndi VUTO, pogwiritsa ntchito EEPROM.update. Zina zonse, magetsi akabwera pampu iyambire pa IKUDIKIRA, iyeze yokha momwe zinthu zilili.

FUNSO: Mzere wa BATANI taulemba kanayi, pa ma state anayi. Wina akuti tiike ma state a m'kati mwa ma state, wina akuti tiikenso parallel ndi history ngati laibulale ya JavaScript ya XState. Tiike zonse?
Gulu la alembi, Mpondasi

YANKHO: Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa zitatuzo ikani chimodzi.

Ma state okhala ndi kholo ndi ofunika, ndipo vuto lanu la BATANI ndi lomwe linawabweretsa. David Harel wa ku Weizmann Institute ku Israel anawafotokoza mu 1987 m'njira yomwe anaitcha statecharts, atagwira ntchito ndi akatswiri opanga ndege yankhondo ya Lavi, komwe zojambula wamba za ma state zinkakula mosagwirika. Kwa inu, pangani kholo lotchedwa IKUGWIRA lokhala ndi ana anayi, IKUDIKIRA, IKUPOPA, YADZAZA ndi CHAUMA, ndipo mzere wa BATANI ulembedwe kamodzi pa khololo.

Mu laibulale kusinthako ndi kuwiri. State iliyonse ikhale ndi byte imodzi yonena kholo lake, ndipo yendetsa ikasowa mzere pa mwana ikwere kwa kholo, mpaka pamwamba, isanadandaule. Kumeneko n'kophweka. Kovuta ndi kutuluka ndi kulowa. Pezani kholo lapafupi lomwe state yochokera ndi yopita zonse zili pansi pake. Tulukani kuyambira m'kati kupita kunja, kulekezera pansi pa khololo, kenako lowani kuyambira kunja kupita m'kati. BATANI ikafika pampu ikupopa: tulukani pa IKUPOPA, relay izime, tulukani pa IKUGWIRA, lowani pa YAZIMITSIDWA. Ambiri amalakwitsa potuluka pa state yomwe mzere unapezeka, kholo, n'kuiwala mwana yemwe makina analipo, ndipo relay imatsala yoyaka. Kholo lililonse likhalenso ndi mwana woyambira, kuti makina asaime pa kholo lokha. Kuya kwake muike malire, mibadwo itatu kapena inayi, kuti njira yolowera ikwane mu array yaing'ono popanda malloc.

Gwirizananinso za mzere wobwerera pa state yomweyo: kodi utuluke n'kulowanso, timer n'kuyambiranso, kapena ungochita chochita chake? Zonse zimafunika, ndiye mzere uzinena. XState inasintha pa nkhani yomweyi mu version 5 ya mu December 2023: tsopano siilowanso pokhapokha mutalemba reenter: true.

Parallel musaike. N'zoona kuti zinthu zitatu zosadalirana, za ma state 4, 3 ndi 2, mukaziphatikiza zimabala 24 pomwe mukazisiya padera ndi 9. Koma yankho lake ndi makina atatu osiyana otumizirana ma event, ndipo laibulale yanu ikutha kale zimenezo bola musagwiritse ma global variable m'kati mwake. History, yokumbukira mwana yemwe munalipo, pampu siikuifuna. Taona kale kuti iyenera kuyeza mwatsopano. Tsiku lomwe ntchito yeniyeni idzafune zonse za statecharts, padzakhala posavuta kutenga yomwe ilipo, XState ku JavaScript, Boost.MSM ku C++, kapena ina yotsatira SCXML, yomwe W3C inaikhazikitsa mu 2015.

FUNSO: Tikufuna kuika laibulale pa GitHub kuti ena aigwiritse ntchito. Tidziwa bwanji kuti yapsa?
Wotsogolera gulu, Mangochi Boma

YANKHO: Bambo, yambani ndi function yofufuza tebulo, yoitanidwa poyesa komanso pa seva ikamadzuka. Iyende kuchokera pa state yoyambira kutsata mizere yonse, inene state yomwe palibe njira yoifikira, state yopanda potulukira yomwe simunanene kuti ndi yomaliza, ndi mzere wobisika pansi pa mnzake wopanda guard. Zitatuzi zimagwira zolakwika zambiri za olemba matebulo code isanayende n'komwe.

Wotchi muichotse m'kati mwa laibulale. Mwini pulogalamu azipereka function yonena nthawi. Pa Arduino ndi millis, poyesa ndi nambala yomwe mukuikankha nokha. Mukatero mphindi 30 za CHAUMA zimayesedwa m'kuphethira kwa diso, ndipo mukhoza kuyambitsa wotchiyo pa 4,294,960,000 kuti muone masiku 49.7 aja lero lomwe.

Kenako test ya ndondomeko. Function iliyonse yolowera, yotulukira ndi yochita ilembe dzina lake pa mndandanda, inu mufananize mndandandawo ndi womwe mukuyembekeza, chilembo ndi chilembo. Pamwamba pake thirani ma event osankhidwa mwachisawawa, 100,000 motsatizana, ndipo ikatha iliyonse muzifunsa zomwe siziyenera kuphwanyika: relay yayaka pokhapokha state ndi IKUPOPA, oda siili pa YATUMIZIDWA isanadutse pa YALIPIDWA. Seed, nambala yoyambitsira kusankha kwachisawawako, muisindikize kuti test ikagwa muthe kubwereza. Ku Python, Hypothesis ili ndi RuleBasedStateMachine, yomwe ikapeza vuto imafupikitsa yokha mndandanda wa ma event mpaka kutsala ochepa omwe akuliyambitsa.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zomwe ogwiritsa ntchito adzakuthokozerani. China ndi ring buffer yosunga kusuntha 32 komaliza, nthawi, state yakale, event, state yatsopano, yoti munthu akafika pa pampu ku Makanjira ndi laputopu aitulutse pa serial. Pa Uno ndi ma byte 7 kuchulukitsa 32, ma byte 224, ndiye ikhale yotheka kuichepetsa kapena kuizimitsa. China ndi function yotulutsa tebulo m'chilankhulo cha DOT cha Graphviz, pulogalamu yomwe imalisandutsa chithunzi. Chithunzi chojambula pamanja chimakalamba sabata yomweyo. Chochokera m'tebulo sichingasiyane ndi code, ndipo mayi msungichuma wa ku Makawa akhoza kuchiyang'ana n'kuloza muvi womwe ukusowa ngakhale sanalembepo Python.

Pa manambala a version tsatirani semantic versioning: nambala yomaliza pa kukonza cholakwika, yapakati pa chowonjezera chosaswa za anthu, yoyamba pa chilichonse choswa. Mu laibulale ya mtundu uwu choswa sichikhala dzina la function lokha. Mukasintha ndondomeko ya kutuluka, kuchita ndi kulowa, kapena momwe mzere wobwerera pa state yomweyo umachitira, code ya anthu idzachita compile bwinobwino koma relay zawo ziziyaka pa nthawi ina. Kumeneko n'kukweza nambala yoyamba. Khalani pa 0.x mpaka laibulale itayendetsa ntchito ziwiri zosiyana, pampu imodzi itadutsa masiku 50 osazimitsidwa ndi ma oda a nyengo imodzi ya usipa, ndipo muikemo fayilo ya layisensi, monga MIT, chifukwa code ya pa GitHub yopanda layisensi ena alibe chilolezo choitenga.